Masitadi a pa hedi: amagwira bwanji, amamangidwa bwanji, nanga galimoto yanu ikuwafunadi?

Nkhani ya masitadi a pa hedi, zitsulo za mazinga mbali zonse ziwiri zomwe zimalowa m'malo mwa mabawuti omangira hedi (mutu wa injini) ku buloko, yafika mpaka m'magalaja a kuno kwathu tsopano, ku Chitakale, ku Luchenza, pa boma ku Thyolo, anyamata oonera mavidiyo a pa YouTube akumauza eni galimoto kuti "bwana gasiketi yanuyi ikupsaipsa chifukwa cha mabawuti, ingoitanitsani masitadi a ARP ku Joni nkhani ithe." Muli chilungamo pang'ono mmenemo, koma pang'ono pokha. Masitadi ndi abwino zedi pa ntchito yake, koma si mankhwala a injini yowira, ndipo akamangidwa mwachisawawa amaononga kuposa mabawuti otchipa omwe mwachotsawo. Ndiye tiyeni tiione bwinobwino nkhaniyi musanatumize ndalama kwa munthu wa pa basi.

Tiyambire pa chimene mabawuti a hedi amalimbana nacho. Mafuta akaphulika mu silinda mphamvu ija sikankha pisitoni yokha, imakankhanso hedi kuti inyamuke. Titenge 1KZ-TE ya Toyota, ija ya mu Hilux Surf ndi Prado zakale, silinda yake ndi ya 96 mm m'mimba mwake. Tingoyerekeza kuti mkatimo mpweya wafika pa 100 bar, zomwe sizachilendo pa dizilo ya tabo, mukawerengera mupeza kuti hedi ikukankhidwa ndi mphamvu yoposa matani 7 pa silinda imodzi yokha. Ndipo injini ikamazungulira pa 3000 rpm silinda iliyonse imaphulika ka 25 pa sekondi. Ndiye ganizirani galimoto yodzaza ikukwera kuchokera ku Luchenza kulowera ku Thyolo pa M2 paja, kapena zitunda za ku Thekerani, phazi lili pansi mphindi zambirimbiri. Chomwe chikuletsa moto, madzi ndi oyilo kuti zisakumane ndi gasiketi yopyapyala ija, ndipo gasiketiyo payokha ilibe mphamvu, imagwira chifukwa yapanidwa. Tsiku limene kupanako kwachepera kukankha kwa moto, hedi imanyamuka pang'ono kwambiri, koti simungaone ndi maso, moto nkupeza njira, basi gasiketi yapita.

Apa ndi pamene anthu ambiri samvetsa, ngakhale amakaniko ena akale ndithu. Bawuti sigwira chifukwa chakuti mwaimanga mpaka yakana kuzungulira. Imagwira chifukwa yatamuka. Zili ngati mphira ija a kabaza amamangira thumba la chimanga pa kaliyala, ikangokulungidwa osaikoka thumba limagwa, ikakokedwa bwino imafinya katundu ulendo wonse, ikakokedwa mopyola imaduka kapena imalobodoka osabwereranso. Chitsulo nachonso chimatamuka, kungoti ndi pang'ono zedi, kachigawo ka milimita. Nambala zonse za torque, mphamvu yomangira bawuti, zomwe zili m'mabuku ndi njira chabe yoyesera kufikira kutamuka koyenera poti sitingathe kulowa mu buloko kukayeza.

Injini zambiri zomwe tili nazo kuno zimabwera ndi mabawuti omwe amamangidwa mpaka chitsulo chayamba kutamuka kosabwerera. Mumawadziwira pa kamangidwe kake, buku limati mangani pa nambala yakuti kenako zungulizani madigiri akuti. Pa 1NZ-FE ya mu Sienta ndi Probox mabawuti ndi 10, mumayamba ndi 29 Nm kenako madigiri 90, kenakonso ena 90. Pa 1KZ-TE ndi 18, mumayamba ndi 39 Nm kenako 90 kawiri. Amakaniko osamala amadontheza kapenti pamutu pa bawuti kuti aziona mmene yazungulirira. Opanga galimoto anasankha njira imeneyi osati chifukwa cha umbombo ayi, koma chifukwa imapangitsa kuti mabawuti onse apane mofanana ngakhale mazinga atasiyana kuterera pang'ono. Vuto lake nlakuti bawuti yoteroyo yatha kale gawo la moyo wake tsiku lomwe inamangidwa ku fakitale. Makampani ena amati tayani musabwezerenso, a Toyota pa injini zambiri amapereka muyezo woti muyeze kutalika kapena kunenepa kwa bawuti, ikapyola mutaye. Nanga kuno ndani amayeza? Mabawuti omwewo amabwerera kachitatu kachinayi, kungowatsuka mu petulo basi, kenako tikumadabwa kuti gasiketi yatsopano yatha miyezi iwiri.

Sitadi ndi yosiyana. Ilibe mutu, ili ndi mazinga mbali zonse ziwiri, monga masitadi a pa tayala omwe tonse timawadziwa. Mbali imodzi imalowa mu buloko nkukhala phee, hedi imatsikira pamwamba pake, kenako washa ndi nati. Phindu lake lalikulu lili apa: mukamamanga bawuti, chitsulo chimakokedwa komanso kupotokoledwa nthawi imodzi, ndipo mazinga ake akukhula mazinga a mu buloko ali pa katundu wolemera. Pa sitadi chomwe chikuzungulira ndi nati yokha pamwamba, sitadiyo kwenikweni ikungokokedwa, mazinga a mu buloko sakudyeka. Kawirikawiri mazinga a kumtunda amakhala ang'onoang'ono kuposa a pansi, zomwe zimathandiza kuti nati ipane molondola. Komanso masitadi samangidwa mpaka kutamuka kosabwerera, ndiye mutha kutsegula injini nkuwagwiritsanso ntchito.

Dzina lomwe aliyense amatchula ndi ARP, kampani ya ku California yomwe inayamba mu 1968 kupangira mabawuti a galimoto za mpikisano. Ali ndi zitsulo zosiyanasiyana, china chimatchedwa 8740, china ARP2000 chomwe amati chimafika 220,000 psi, ndiye kuti cha m'ma 1,500 MPa, palinso Custom Age 625+ chokwera kuposa apo komanso chodula zoopsa. Kuti muone kusiyana, bawuti yolembedwa 8.8 pamutu ndi ya 800 MPa, ya 12.9 ndi cha m'ma 1,200, pomwe ndodo za mazinga zogula pa mita mu hardware zija nthawi zambiri ndi za m'ma 400 basi. Ndikutchula zimenezi dala chifukwa luso lathu la kuno la "tipanga zomwezo" nthawi zina limapyola malire. Munthu kudula ndodo ya mu hardware, kapena kupita kwa a lathe ku Limbe kuti amusemere masitadi pa chitsulo cha akiso, chonde ayi. Masitadi enieni chitsulo chake chimaphikidwa mwa muyezo ndipo mazinga ake amachita kudinda pokunkhuniza osati kusema ndi mpeni, nchifukwa chake sathyokera pa mazinga. Osemawo amaoneka bwino m'maso koma simudziwa kuti atamuka liti, aduka liti.

Kutchuka kwa masitadi kunakula kwambiri ndi ma Ford a ku America a injini ya 6.0 Power Stroke, ya dizilo, yomwe inatuluka mu 2003. Injini imeneyo ili ndi mabawuti anayi okha ozungulira silinda iliyonse, ndipo anthu akangoionjezera mphamvu pa kompyuta mabawuti ankatamuka hedi nkunyamuka. Kumeneko masitadi anathetsadi vuto chifukwa vuto lake linalidi kuchepa kwa mphamvu yopanira. Mavidiyo ambiri omwe anyamata akuonera akuchokera ku nkhani ngati imeneyo, kapena kwa anthu a ma Subaru ndi ma Honda oikidwa tabo yayikulu.

Nanga kuno chimapha magasiketi nchiyani? Mukaima pa Nkando kapena pa Bvumbwe nkufunsa madalaivala a ma Sienta ndi maminibasi, nkhani imakhala imodzimodzi, galimoto inawira. Radiyeta yodzaza matope chifukwa timathiramo madzi a pa mjigo kapena a mu Ruo m'malo mwa coolant, chitsekero cha radiyeta chotha mphira, fani yosazungulira bwino, thermostat yochotsedwa kalekale poti wina anati ku Malawi nkotentha siifunika, Sienta ya anthu 7 itanyamula anthu oposa 10 ndi matumba a nanazi pamwamba. Hedi ya aluminiyamu ikatentha imafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo cha bawuti. Pa kutentha kwabwinobwino opanga anawerengera kale zimenezo, koma ikawira hedi imafufuma mopyola, imaphwanya gasiketi, pansi pa mitu ya mabawuti pamalowa, mwina hediyo nkupindika kapena kung'aluka pakati pa mavavu monga 1KZ imatchukira. Ikazizira zonse zabwerera koma kupana kuja kwapita. Tsono apa sitadi ithandiza chiyani? Sitadi yolimba kwambiri pa hedi yomwe ikuwira ndiye imangofinya aluminiyamu kwambiri. Hedi yong'aluka ndi yong'aluka basi kaya mumange ndi chitsulo cha ndege.

Kwa ine masitadi ali ndi malo ake atatu kapena anayi. Ngati mwaika tabo pa injini yomwe inalibe, monga ena amachitira pa 3L ndi 5L kapena 1HZ ya Land Cruiser. Ngati mwakweza boost, mphamvu ya mpweya womwe tabo imapopera mu injini, kapena mwatsegulira pampu kuti izipereka dizilo wambiri. Ngati ndi injini yomwe muziitsegula kawirikawiri. Mwinanso ngati mabawuti enieni a injini yanu sakupezeka ndipo omwe ali pa msika ndi okayikitsa. Koma Probox yonyamula buledi, yosasinthidwa chilichonse, mabawuti atsopano enieni ndi gasiketi yabwino nzokwanira, ndalama yotsalayo gulirani radiyeta. Ndi mmene dola ikuvutira chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kuonjezapo msonkho ndi wonyamula, seti ya masitadi si zoti munthu angogula poti anzake akutchula.

Chabwino, mwaona kuti mukuwafunadi ndipo afika. Ntchito yeniyeni imayamba musanatsegule nkomwe bokosi lawo.

Hedi imamasulidwa injini itazizira, ndipo mabawuti amamasulidwa pang'onopang'ono kuyambira kunja kulowera pakati, kawiri kapena katatu kuzungulira, osati kuchotseratu imodzi ina ili chimangire. Ikatsika, ipite kokayezedwa ngati ili ndi ming'alu, amaitseka mabowo nkuipopa mpweya ili m'madzi otentha, izi zimachitika kwa a engineering mu Limbe ndi Blantyre. Kenako kuona ngati yapindika, ndi chitsulo chowongoka chenicheni ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mpata tija, m'litali, m'mbali komanso mopingasa. Pa 1NZ malire ndi 0.05 mm basi, pa 1KZ ndi 0.15 mm. Rula ya kusukulu kapena galasi la pa windo sizingakuuzeni zimenezo. Ndipo yezaninso buloko, anthu amaiwala, amasikimitsa hedi bwinobwino nkukaikhazika pa buloko yomwe ili ndi dzenje pakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu. Za kusikimazo dziwaninso kuti pa madizilo ambiri a Toyota buku limati hedi ikapyola malire isinthidwe osati kusikima, ngakhale kuno timasikima poti hedi yatsopano ndi ndalama ya munda. Mukasikima uzani wa makinayo mtundu wa gasiketi yomwe muike, ija ya zitsulo zosanjikiza ya MLS imafuna malo osalala kwambiri, mizere ya makina ikamamveka ndi chikhadabo idzadontha.

Pa dizilo pali kanthu kenanso, magasiketi amabwera monenepa mosiyana ndipo amakhala ndi timabowo kapena tizizindikiro m'mphepete. Oyenera amasankhidwa poyeza mmene pisitoni ikutulukira pamwamba pa buloko. Osangogula iliyonse poti wa mu shopu wati "ndi ya Hiace yomweyo."

Tsopano mabowo a mu buloko, pomwe ntchito zambiri zimaonongekera. Mazinga amenewo ali ndi dzimbiri, oyilo wopsa ndi zinyenyeswa za gasiketi yakale. Amatsukidwa ndi chaser, chida chongoyeretsa mazinga osawadya, osati tap yosemera mazinga, chifukwa tap imadya chitsulo nkusiya mazinga olobodoka. Ngati chaser palibe, tengani bawuti yakale ya hedi yomweyo, ichekeni timizere tiwiri titatu m'litali mwa mazinga ndi grinder, imagwira ntchito bwinobwino. Ilowetseni nkuitulutsa kangapo, kenako uzirani ndi kompresa mutaphimba ndi kansanza kuti zisakugwereni m'maso kapena mu silinda. Bowo lililonse liume mpaka pansi. Izi sizocheza, madzi kapena oyilo akatsalira pansi pa bowo losaboola, inu nkulowetsa chitsulo pamwamba pake, madziwo alibe kothawira ndipo safinyika, amang'amba buloko. Injini yonse kutha chifukwa cha supuni imodzi ya madzi.

Onaninso ngati mabowo ena akutulukira mu njira ya madzi, pa injini zina zimatero. Oterowo mazinga apansi a sitadi amapakidwa sealant ya mazinga, apo ayi madzi azikwera ndi sitadi nkumatulukira pa nati kulowa mu oyilo, inu nkumati gasiketi yapsanso.

Ngati buloko ndi ya aluminiyamu yang'anitsitsani mazingawo ndi tochi. 2AZ-FE ya 2.4 ya mu RAV4, Camry, Ipsum ndi Estima za zaka zoyambirira za m'ma 2000 imadziwika ndi kuzuka mazinga a mabawuti a hedi mu buloko. Mukaona tinyenyeswa ta aluminiyamu tatuluka ndi bawuti yakale, sitadi sikupulumutsani, nayonso izuka. Pamafunika kuikamo kaye ma insert achitsulo monga Time-Sert, obooledwa mowongoka ndi jig yake, osati pa dzanja ndi drill ya kalipentala.

Kulowetsa masitadi kwenikweniko nkosavuta mpaka anthu sakhulupirira. Amalowa ndi dzanja basi. Mumazunguliza ndi zala mpaka yafika, ngati ili ndi kabowo ka allen key pamwamba mutha kuthandizira pang'ono kuti ingokhazikika, koma osaikoka ndi mphamvu, osamanga manati awiri nkuikhwimitsa ndi sipanala. Mukaikhwimitsa pansi mwaika kale katundu pa mazinga a buloko, ndipo sitadi imatha kupendekeka pang'ono. Ikakana kulowa ndi dzanja ndiye kuti bowo silinayere, bwererani mukatsuke. Zikalowa zonse yang'anani kutalika kwake, zofanana zikhale zofanana, ina ikatalika kuposa zinzake siinafike. Ma seti ena amakhala ndi zazitali ndi zazifupi, pepala la m'bokosi limanena kuti iti ipita pati. Onaninso kuti ma dowel awiri aja olondolera hedi ali m'malo mwake, masitadi salowa m'malo mwa ma dowel.

Pali vuto limodzi lomwe a mavidiyo satchula chifukwa iwo amamangira injini ili panja pa sitandi. Masitadi akaima pa buloko, hedi iyenera kukwezedwa pamwamba pa onsewo nkutsika mowongoka. Mu Hilux kapena Surf kumbuyo kuja kufupi ndi bodi malo amatha kuchepa, mu Hiace ndiye injini ili pansi pa mpando. Njira yake ndi kuika gasiketi, kukhazika hedi pa ma dowel, kenako kulowetsa masitadi kudzera m'mabowo a hedi ndi allen key. Kabowo ka pamwamba kaja ntchito yake ndi imeneyo. Chomwe simukufuna ndi kukwekweza hedi yosikima kumene pa nsonga za masitadi, mzere umodzi wodutsa pomwe pamakhala mphete ya gasiketi yotseka moto mozungulira silinda ndiye mwabwerera ku Limbe.

Kenako mafuta opaka. Ili ndi gawo lomwe ndimaona kuti ndi lofunika kuposa mtundu wa chitsulo. Mukamakoka torque wrench, pafupifupi magawo 9 pa 10 a mphamvu yanu amathera pa kukhulana kwa zitsulo, pansi pa nati ndi m'mazinga, gawo limodzi lokha ndi lomwe limatamula sitadi. Ndiye kusintha pang'ono kwa kuterera kumasintha kwambiri kupana. Nambala ya pa pepala la ARP inawerengedwa ndi girizi wawo wa Ultra-Torque yemwe amabwera mu kapaketi m'bokosimo. Mukamanga pa nambala yomweyo ndi oyilo wa injini, kupana kumachepa ndipo kumasiyana sitadi ndi sitadi. Mukamanga pouma ndiye zoipiratu, wrench ilira msanga sitadi isanakokedwe nkomwe. Pakani pa mazinga a kumtunda, pansi pa nati ndi pamwamba pa washa. Za kunsi kwa washa tsatirani pepala, pa ma seti ena amati kukhale kouma kuti washa isamazungulire limodzi ndi nati, chifukwa ikazungulira kuterera kwasintha ndipo mumapyola muyezo osadziwa. Kapaketi kaja musamupatse mwana wa pa galaja kuti apakire tcheni cha njinga.

Nambala yomangira ndi ya pa pepala la masitadi, osati ya m'buku la galimoto. Apa pagwa anthu. Munthu wazolowera 39 Nm ndi 90 kawiri, nkuchita zomwezo pa sitadi ya mazinga ang'ono ndi chitsulo china, zotsatira zake palibe akudziwa, mwina yachepa mwina yazula mazinga. Komanso samalani ndi miyezo, mapepala a ku America amalemba mu ft-lb pomwe ma wrench ambiri kuno timawerenga Nm. 1 ft-lb ndi 1.356 Nm, ndiye 80 ft-lb ndi pafupifupi 108 Nm. Wina akawerenga 80 nkutchera 80 Nm wamanga mochepera ndi kota yonse. Ya Ford ija masitadi ake amafika 210 ft-lb, cha m'ma 285 Nm, koma ndi masitadi onenepa a injini yaikulu, musatengere nambala ya injini ina.

Kamangidwe kake nkoyambira pakati pa hedi kumapita kunja mozungulira, motsatira ndondomeko ya m'buku la injiniyo, ndipo mumafika pa nambala yomaliza m'magawo atatu ofanana. Ngati yomaliza ndi 90, zungulirani onse pa 30, kenako onse pa 60, kenako 90. Gawo lomalizalo kokani kamodzi mosadukiza mpaka wrench ilire, mukaima panjira nkuyambiranso nati imakhala yagwira ndipo wrench imalira isanasunthe, inu nkumati yafika. Ikalira siyani, osaonjezera "kakang'ono ka chitetezo" kaja. Ndipo wrench yake ikhale yoona. Zambiri zomwe zili m'magalaja mwathu zinagwapo pansi kambirimbiri, zimasungidwa zili zotchera pa nambala yayikulu mpaka sipuling'i inatopa, ena amamasulira nazo matayala. Ngati makaniko wanu akuti "madala ine dzanja langa ndi torque wrench, ndayamba kale ntchitoyi", mulemekezeni ndithu koma masitadi anu akamangire kwina. Paipi ya mpope pa sipanala ndi yomasulira nati ya akiso, osati izi.

Musanatseke yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba, nati isakhale kuti yafika kumapeto kwa mazinga isanapane hedi, izi zimatheka hedi ndi buloko zikasikimidwa kangapo, wrench imalira bwinobwino koma hedi ili lobodo. Chachiwiri, masitadi ndi manati amatalika kuposa mitu ya mabawuti, ndiye onani kuti sakugunda camshaft, ma rocker kapena chivundikiro cha pamwamba. Zungulizani injini ndi dzanja kawiri mutaika timing musanaize kiyi.

Pali njira ina yomwe imazungulira pa intaneti, yosintha imodzi imodzi osachotsa hedi, kuchotsa bawuti imodzi, kuika sitadi, kumanga, kupita pa ina. Anthu amachitadi ndipo ena zimawayendera, koma ndi pa injini yomwe gasiketi yake ili bwinobwino ndipo akungofuna kulimbitsa asanakweze boost. Ngati galimoto yayamba kale kutulutsa thovu mu radiyeta, kudya madzi, mapaipi kuuma gwa m'mawa, kapena pa chitsekero cha oyilo pali zoyera ngati mayonezi, njira imeneyo ndi kutaya nthawi, moto unadula kale njira yake mu gasiketi. Komanso simungatsuke bwino bowo lakuya chonchija hedi ili pomwepo, ndipo oyilo wa pamwamba amatsikira momwemo, tabwerera ku nkhani yong'amba buloko ija. Ine sindingaichite pa galimoto yomwe ndi yodyetsa banja.

Kanthu kena ka anthu omanga injini yonse: kupana kwambiri kumasintha pang'ono kuzungulira kwa silinda kumtunda kwake, makamaka pa buloko ya aluminiyamu. A mpikisano amapala masilinda atamangirira chitsulo chokhuthala m'malo mwa hedi ndi masitadi omwewo, kuti silinda ikhale yozungulira pomwe ili pa katundu. Pa galimoto ya tsiku ndi tsiku yongosintha gasiketi ambiri sachita zimenezo, koma ndi chifukwa china chosapyolera nambala ya pa pepala poganiza kuti kukhwimitsa kwambiri ndiye bwino.

Za katundu wachinyengo nazo zilipo, mabokosi okongola a dzina lomwelo pa mtengo wa theka pa masamba ogulitsa zinthu za ku China. Enieni amabwera ndi pepala la malangizo lokhala ndi nambala ya seti, ndipo nambalayo mutha kuifufuza pa webusaiti ya kampaniyo nkuona ngati ikugwirizana ndi injini yanu. Wachibale wanu wa ku Joni mutumizireni nambala ya seti ndi dzina la injini, osati "za Surf", chifukwa ma Surf alipo a 2L-TE, a 1KZ-TE, a 1KD ndi a petulo, ndipo si injini iliyonse ya kuno yomwe ili ndi seti yake yopangiratu.

Injini ikalira koyamba thirani coolant yeniyeni, chotsani mpweya m'mapaipi hita ili yotsegula, bwezeranimo thermostat, ndipo sinthani oyilo ndi fyuluta chifukwa potsegula paja madzi ndi zinyalala zinagweramo. Za kubwerezanso kumanga manati pambuyo poti yatentha nkuzizira, zimatengera gasiketi. Za MLS zambiri sizifuna, zina za mtundu wakale zofewa zija zimaphwa pang'ono ndipo opanga ake amati mubwereze. Ngati akutero, chitani injini itazizira usiku wonse, nati imodzi imodzi mwa ndondomeko yomweyo yoyambira pakati, kuibweza m'mbuyo pang'ono kenako kuikokanso mpaka pa nambala yake, osamasula onse nthawi imodzi. Masabata oyambirira muziyang'ana madzi m'mawa uliwonse musanalize, ndipo ngati munakweza boost ikani geji ya kutentha yodalirika yoonetsa manambala, chifukwa singano ya pa dashibodi ya ma Toyota ambiri imakhala pakati nthawi yaitali, ikamadzasuntha hedi yatentha kale.